Ndege Yobereka Kumsana

Pali ndege ina imene siifuna bwalo la phula, siifuna nyumba yoisungiramo, ndipo mwini wake amaibereka kumsana ngati mwana. Dzina lake ndi paramotor. Ambiri a ife tinaionera pa foni: munthu wavala chisoti, kumsana kuli chifani chachikulu, akuthamanga pa udzu, chinsalu cha mitundumitundu chadzuka pamwamba pake, kenaka mapazi aja angosiyana ndi nthaka, uyo wapita. Kanema wake sakwana ndi mphindi imodzi yomwe. Ojambulawo sationetsa masabata amene munthuyo anathera pansi akulimbana ndi nsalu ija, thukuta lili kamukamu. Sationetsanso masiku ambiri amene anafika pabwalo, n'kuyang'ana kumwamba, n'kulongedza katundu wake kubwerera kunyumba osauluka.

Mwezi uno tati tikambepo za masewerawa chifukwa sali kutali ndi makomo athu monga momwe tingaganizire. Ana athu ndi abale athu amene ali ku South Africa, ku Britain ndi ku America akukhala m'mayiko momwe zipangizozi zimagulitsidwa poyera, zatsopano ndi zogwiritsidwa kale ntchito. Tsiku lina foni ikhoza kulira, mwana n'kuti, "Amayi, ndikufuna kuphunzira kuuluka." Kukuwa kuti "Ayi!" sikuthandiza kwenikweni kwa munthu wamkulu amene ali ndi ndalama zake. Chimene chimathandiza ndi kudziwa zoti mumufunse.

Chimene chimaulutsa munthu pa paramotor si injini ayi, koma phiko. Phikoli ndi la nsalu ya nayiloni yopyapyala koma yosang'ambika wamba, yosokedwa pawiri, ndipo kutsogolo kwake kuli timakomo totsegula. Mphepo ikalowa m'timakomoti nsalu ija imafufuma n'kulimba, n'kutenga maonekedwe a phiko la mbalame. Mulibe chitsulo kapena thabwa loti liligwire. Mpweya wokha ndiwo ukuliimika. Kukula kwake kumakhala masikweya mita pakati pa 20 ndi 30, kutengera kulemera kwa woulukayo. Kuchokera kuphiko kumatsika zingwe zambirimbiri zowonda, zimene zimakamangirira kumpando wa malamba umene munthu amakhalamo. Nzeru ya phiko lodzaza mpweya anaiyambitsa ndi Domina Jalbert, wobadwira ku Canada, m'zaka za m'ma 1960. Mu 1978 anthu ena odumpha ndi parachuti ku Mieussy, m'mapiri a ku France, anayamba kunyamukira paphiri pothamanga ndi mapiko otere. Injini inabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1980, ndipo inamasula anthu a kuchigwa amene analibe phiri lonyamukirapo.

Injiniyo ndi yaing'ono, kawirikawiri ya mtundu wosakaniza petulo ndi oyilo ngati ya makina ochekera mitengo. Kukula kwake ndi pakati pa 80cc ndi 200cc, kufanana ndi njinga zamoto za kabaza, ndipo zambiri zotchuka, monga Vittorazi ndi Polini, zimapangidwa ku Italy. Imapukusa pulopela wotalika kuposa mita imodzi, amene ali m'kati mwa mkombero wotchingidwa ndi ukonde. Zonse pamodzi ndi mafuta zimalemera makilogalamu 25 kapena 30, theka la thumba la chimanga kapena kupitirirapo. Pa ola limodzi imamwa malita atatu kapena anayi a petulo, ndipo liwiro la phiko la wophunzira ndi makilomita 35 mpaka 45 pa ola. Minibasi imakupitirira pansipo uli kumwamba.

Kuwongolera kwake n'kosavuta kufotokoza. M'dzanja lililonse muli chingwe cha buleki. Ukakoka cha kumanja umakhotera kumanja, cha kumanzere kumanzere. Ukawonjezera moto umakwera, ukachepetsa umatsika. Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, nanga injini ikazima? Munthu sagwa ngati mwala. Phiko limapitiriza kuyandama likutsika pang'onopang'ono, pa mita iliyonse yotsika likupita kutsogolo mamita 6 kapena 7. Injinizi zimazima ndithu nthawi zina, ndiye wouluka wophunzitsidwa bwino amakhala akuyang'ana pansi nthawi zonse, akudzifunsa kuti, itati yazima pompano nditera pati? Ngati yankho palibe, ndiye kuti ali pamalo olakwika. Amanyamulanso parachuti wapadera, wopindidwa m'kathumba pambali pa mpando, woti aponye phiko likakanika kukonzeka.

Tsono nkhani yaikulu ndi nyengo, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono.

Popeza ndegeyi ndi yopepuka komanso yochedwa, mphepo imene ife oyenda pansi sitiilabadira n'komwe ndi nkhani kwa wouluka. Wophunzira sauluka mphepo ikapitirira makilomita 15 kapena 20 pa ola, mphepo yongogwedeza nthambi zing'onozing'ono. Ndipo si mphamvu yake yokha imene amayang'ana. Mphepo yoomba mofanana ndi yabwino kuposa yofooka koma yobwera mwadzidzidzi n'kuleka, n'kubweranso kuchokera mbali ina. N'chifukwa chake pabwalo lonyamukira amazika ndodo yokhala ndi kansalu kapena kariboni, n'kumakayang'anitsitsa kwa mphindi zingapo asanavale kanthu.

Oulutsa paramotor ambiri amauluka m'mamawa, maola awiri kapena atatu dzuwa litangotuluka, ndi madzulo dzuwa likupendeka. Masana amakhala pansi. Chifukwa chake mlimi aliyense akhoza kuchimvetsa. Dzuwa likakwera, nthaka siitentha mofanana. Munda wolimidwa, thanthwe, denga la malata ndi msewu wa phula zimatentha msanga kuposa dambo kapena nkhalango. Mpweya wa pamalo otenthawo umakwera m'mwamba ngati utsi wosaoneka, ndipo m'mbali mwake mpweya wina umatsika. Ndi mpweya wokwerawu umene kabawi amakwerapo masana akamazungulira kumwamba osakupiza mapiko. Koma kabawi ali ndi mafupa m'mapiko ake. Phiko la nsalu likalowa theka mu mpweya wokwera, theka mu wotsika, mbali imodzi imatha kupindika. Zikachitikira m'mwamba kwambiri, phiko labwino limadzitambasula lokha pa masekondi ochepa. Zikachitikira pafupi ndi nthaka, masekondi amenewo palibe. Kavuluvulu amene timamuona mu Okutobala akunyamula mapesi ndi mapepala ndi mpweya womwewu utakwiya; amene anaonapo kavuluvulu akusasula denga la udzu safunika kuuzidwa zimene angachite ndi nsalu imene yanyamula munthu.

Pali msampha wina wosaoneka ndi maso. Taonani madzi a mumtsinje akamadutsa pamwala: kuseri kwa mwalawo madzi amazungulirazungulira, ena kubwerera m'mbuyo. Mphepo imachita chimodzimodzi ikadutsa phiri, nyumba yaitali kapena mzere wa mitengo ya bulugamu. Kuseri kumeneko, kumene ife timati kwabisala mphepo, ndi kumene mpweya uli wosokonekera kwambiri. Woyamba kumene amaona ngati wapeza malo abata oterapo, pamene wapeza malo oipitsitsa pabwalo lonse.

Mitambo ya mvula nayo ili ndi lamulo lake. Tonse timadziwa kamphepo kozizira kaja kamene kamatsogolera mvula, kamene kamathamangitsa amayi kukaanula ufa. Mphepo imeneyo imatuluka pansi pa mtambo wa mabingu n'kuthamanga makilomita ambiri kutsogolo kwake, moti imatha kufika pamalo pamene dzuwa likuwala bwinobwino. Wouluka akaona mtambo wautali wakuda, ngakhale uli kutali, amatera. Phiko lonyowa silidalirika, ndipo nkhungu yonga ya chiperoni imabisa nthaka ndi mawaya. Kutentha ndi kukwera kwa dera nakonso kumasintha zinthu, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Johannesburg, kumene kuli pamtunda wa mamita oposa 1,700, injini imakoka mofooka ndipo munthu amathamanga mtunda wautaliko asananyamuke kuyerekeza ndi ku Durban, m'mphepete mwa nyanja.

Zonsezi zikutanthauza kuti pa masiku ambiri yankho lolondola ndi lakuti lero ayi. Ife tikuona kuti luso lenileni la masewerawa lagona pamenepa, ndipo ndi luso lovuta kuposa kukoka zingwe. Taganizirani munthu amene wadikira sabata yonse, wayenda ulendo wautali pa galimoto, waitana alamu ake kuti adzaone, ana akonzeka kale ndi mafoni ojambulira, ndiye kariboni kaja kakungotembenukatembenuka. Kunena kuti "tiyeni tizipita" pamaso pa anthu onsewo kumafuna mtima. Asodzi a ku Nyanja ya Malawi amadziwa bwino mayeso amenewa mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba: bwato lili pagombe, kunyumba kulibe ndiwo, koma nyanja yakana.

Kuphunzira kumayambira pansi, injini ili patali. Wophunzira amavala malamba, n'kuyala phiko pa udzu, n'kuphunzira kulidzutsa kuti liime pamwamba pa mutu wake ngati kaiti ya ana, osapendekeka, osamugwetsa, osamukoka chafufumimba. Poyamba phiko limachita zofuna zake. Limagwera kumanzere, zingwe zimapiringizana, munthu amatopa msanga. Pakatha maola ambiri manja amayamba kumva zimene phiko likuchita maso asanayang'ane, ndipo ndi pamenepo mphunzitsi amayamba kukamba za injini. Mmalawi mnzathu Godfrey Masauli anadutsa njira yomweyi ya pansi pamene Benjamin Jordan wa ku Canada ankamuphunzitsa kuuluka ndi phiko lopanda injini. Nkhani yawo ili mu kanema wa mu 2013 wotchedwa The Boy Who Flies. Maphunziro a paramotor amatenga sabata imodzi kapena awiri nyengo ikalola, ndipo nthawi zambiri siilola, choncho masiku amatalika. Masukulu ambiri amaphunzitsa kumapeto kwa sabata, ndiye wosunga Sabata achite bwino kukambirana ndi mphunzitsi za masiku asanalipire ndalama.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa munthu amafunika laisensi, ndipo maphunziro ake amayenda kudzera ku bungwe la SAHPA. Ku France nakonso laisensi ndi yofunika. Ku America, lamulo la mu 1982 lotchedwa Part 103 limalola munthu kuuluka yekha wopanda laisensi ngati chombo chake n'chopepuka kuposa makilogalamu 115 ndipo thanki yake siipitirira malita 19. Ku Britain paramotor yonyamukira pa mapazi siifuna laisensi, ngakhale kuti bungwe la BHPA lili ndi masukulu ovomerezeka. Ufulu umenewu ndi umene umanyenga anthu. Boma likapanda kukufunsa pepala, sizitanthauza kuti mphepo nayo yakukhululukira. Anthu ena amagula zipangizo pa Facebook n'kumaphunzira poonera makanema a pa YouTube. Safunsa anadya phula. Kanema sangakuone kuti wawerama pothamanga, sangakukuwire kuti zimitsa injini, sangakuuze kuti lamba wa mwendo sunamange. Ndipo kulikonse, ngakhale kumene kulibe laisensi, kuuluka pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege kapena pamwamba pa khamu la anthu popanda chilolezo n'koletsedwa. Wofuna kubwera nayo kumudzi pa tchuthi ayambe wafunsa kwa oyang'anira maulendo a ndege m'dzikomo.

Monga tsamba la zaumoyo, tili ndi chidwi ndi mmene anthu amavulalira. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya BMJ Open inasindikiza kafukufuku wa Francesco Feletti ndi Jeff Goin, amene anaunika malipoti 384 a ngozi za paramotor ku America kuyambira mu 1995 mpaka 2012. Munthu angayembekezere kuti ovulala ambiri anathyoka miyendo kapena msana pogwa. Koma chiwalo chimene chinavulala kwambiri ndi manja ndi mikono, ndipo pulopela anali ndi gawo lalikulu. Zimachitika chonchi: munthu waimika injini pansi, wakoka chingwe choyatsira, injini yalira ndi moto wonse mosayembekezereka, n'kumugwera, iye n'kutchinga ndi dzanja. Ukonde uja suletsa zala. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikitsa kuyatsa injini ili kale kumsana kapena itamangidwa pachoimikira, munthu atakuwa kaye kuchenjeza onse amene ali pafupi. Ana ndi agalu asayandikire n'komwe.

Madzi ndi mdani wina. Kuuluka chapansipansi pamwamba pa nyanja kapena mtsinje n'kokongola pa kanema, koma injini ikazima munthu amagwera m'madzi atamangiriridwa ku chitsulo cholemera, zingwe zitamukulunga. Ngakhale katswiri wosambira amamira pamalo osazama kwenikweni. Pali zoyandamitsa zimene zimadzifufumitsa zokha zikakhudza madzi, ndipo wouluka pafupi ndi madzi asachoke popanda zimenezi. Mawaya a magetsi nawo saoneka kuchokera kumwamba, makamaka madzulo. Amene amaoneka ndi mapolo okha. Kunena zoona, kuuluka pafupi ndi nthaka, kumene ife oonera timaona ngati n'kotetezeka, ndi koopsa kuposa kuuluka m'mwamba, chifukwa m'mwamba muli nthawi yokonza cholakwika ndi yoponya parachuti.

Tisanamizane kuti maphunziro amachotsa ngozi zonse. Sacha Dench ndi mayi wodziwa kuuluka amene mu 2016 anayenda makilomita pafupifupi 7,000 pa paramotor, kuchokera kumpoto kwa Russia mpaka ku Britain, kutsatira mbalame za m'madzi zimene zimasamuka chaka ndi chaka, kuti adziwe chimene chikuzichepetsa. Ali pa ulendowo anagumula bondo, ndipo anapitiriza ndi paramotor ya matayala. Mu Sepitembala 2021, ku Scotland, iye ndi mnzake amene ankauluka naye anachita ngozi; mnzakeyo anamwalira, iye anavulala kwambiri. Onse awiri sanali ophunzira.

Thupi nalo liyenera kukonzeka. Kunyamuka kumafuna kuthamanga mamita angapo ndi katundu wolemera kumsana, pa nthaka yosasalala, munthu ataima chilili m'malo mowerama monga momwe thupi limafunira. Maondo, akakolo ndi msana zimagwira ntchito, choncho nsapato zogwira akakolo n'zofunika, ndipo wodwala mtima, khunyu, chizungulire kapena shuga yotsika mwadzidzidzi aonane kaye ndi dokotala. Amene sangathe kuthamanga ali ndi mwayi wa paramotor ya matayala atatu. Makutu asaiwalike. Injini imalira chapafupi kwambiri ndi mutu, mopitirira madesibelo 85 amene akatswiri amati kuyambira pamenepo phokoso lokhalitsa limawononga makutu, ndipo makutu akagontha ndi phokoso sabwerera. Chisoti chake chimayenera kukhala ndi zotsekera makutu. Kumwamba kumazizira kuposa pansi, ndipo zala zozizira sizigwira bwino buleki. Za mowa sitichita kunena pa tsamba lino, koma tikumbutse kuti kusagona mokwanira ndi mankhwala ena a chimfine opatsa tulo zimafooketsa maganizo mofanana nawo.

Zabwino zake ziliponso, ndipo sitikuzibisa. Ndi masewera ogonetsa munthu msanga ndi kumudzutsa mbandakucha. Amamutulutsa panja pa mpweya wabwino, amamuphunzitsa kuwerenga mitambo ngati agogo athu, ndipo maola olimbana ndi phiko pansi ndi masewera olimbitsa thupi okwanira. Amene anaulukapo amakamba za bata la m'mamawa, nkhungu ili m'zigwa, utsi wa m'makhitchini ukukwera mowongoka.

Ndalama ndi nkhani ya banja lonse. Injini, phiko, parachuti, chisoti ndi maphunziro, zonse zatsopano, zimayandikira kapena kupitirira madola 10,000 a ku America. Ndi mtengo umenewu umene umakankhira anthu ku zogwiritsidwa kale ntchito. Injini yakale makaniko akhoza kuiunika, koma phiko ndi lachinyengo. Dzuwa limadya nayiloni pang'onopang'ono, moti pakatha maola mazana angapo nsalu imayamba kudutsitsa mpweya, zingwe zina kufupika zina kutalika, pamene mtundu wake ukadali wowala ngati watsopano. Pali malo oyezera mapiko, ndipo wogulitsa woona amaonetsa pepala la kuyezako. Mapiko amaikidwanso m'magulu kuyambira A mpaka D. La woyamba kumene ndi la gulu A, losachedwa kudzikonza lokha, ndipo liyenera kugwirizana ndi kulemera kwake. Phiko lothamanga la katswiri, ngakhale litatchipa bwanji, si la wophunzira. Ife tinganene kuti asagule kanthu kufikira mphunzitsi atamuona akugwira phiko la sukulu. Ndipo bambo kapena mayi wa ana aone mapepala a inshuwalansi yake, chifukwa ambiri salipira imfa kapena kuvulala kochokera ku masewera a mumlengalenga pokhapokha utawauziratu. Mkazi kapena mwamuna wake ali ndi ufulu womva zimenezi zipangizo zisanafike pakhomo, osati kuzipeza zili kale m'galaja.

Palinso anansi. Phokoso la paramotor mbandakucha limadzutsa mudzi, limabalalitsa ng'ombe ndi mahatchi, ndipo palibe amene amakondwa kuona mlendo akusuzumira m'bwalo mwake kuchokera kumwamba. Malo ambiri onyamukira ndi minda ya eni ake, imene imatsekedwa munthu mmodzi akachita mwano.

Choncho mwana uja akaimba foni, mufunseni dzina la mphunzitsi wake ndi bungwe limene linamuvomereza. Mufunseni maola amene wathera pansi ndi phiko, gulu la phikolo, ndi tsiku limene parachuti wake anapindidwa komaliza, pakuti amayenera kutambasulidwa ndi kupindidwanso kamodzi pachaka. Mufunsenso kuti ndi kangati kamene wapita kubwalo n'kubwerako osauluka. Akayankha monyadira kuti sizinachitikepo, pamenepo ndi podandaulira.

Ulendo woyamba wa wophunzira wabwino suchititsa chidwi oonera. Umachitika dzuwa litangotuluka kapena likulowa, kariboni kakungogwedezeka pang'ono. M'chisoti muli wailesi, ndipo mphunzitsi ali pansi akulankhula mawu ochepa: dzutsa phiko, thamanga, moto, usakhale msanga, thamangabe. Munthu amakwera mamita 100 kapena kuposerapo, amazungulira bwalo kangapo kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka amauzidwa kuti ayang'anizane ndi mphepo, azimitse injini, atulutse miyendo mumpando. Nthaka ikayandikira amakoka mabuleki onse awiri mpaka m'chiuno, n'kuponda pansi akuthamanga pang'ono. Ambiri ulendo woyamba amatera ndi maondo kapena matako, ndipo mphunzitsi amawapatsa madzi akumwa n'kuwauza kuti apinde phiko lisanakhalitse padzuwa.